Ulendo wokaonera gofu ku Sun City: kampani inatigulitsa mbiri yakale

Mu Novembala 2023, ine ndi anzanga atatu amene timasewera nawo gofu Loweruka lililonse kuno ku Lusaka tinagula ulendo wa masiku asanu wokaonera mpikisano wa Nedbank Golf Challenge ku Sun City, m'dziko la South Africa. Tinaugula ku kampani ina yokonza maulendo ya m'tauni muno, imene sindiitchula dzina, ndipo ndalama zimene tinapereka zinali za ndege, malo ogona, basi ndi matikiti a masiku onse anayi a mpikisanowo. Anthu angapo akhala akundifunsa ngati ndalamazo zinapita pabwino, choncho ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zonse kamodzi, kuyambira pa kapepala kotsatsa malonda kamene kanatikopa.

Kapepalako kanalonjeza kuti tikaona mpikisano wa madola miliyoni imodzi, pamene akatswiri 12 oposa onse padziko lapansi amakumana kamodzi pachaka. Mawu amenewa anali oona nthawi ina, koma nthawiyo inatha zaka khumi tisananyamuke, ndipo munthu sangamvetse chimene chinandikhumudwitsa ngati sadziwa kumene mpikisanowu unachokera.

Sun City anaimanga ndi Sol Kerzner ndipo inatsegulidwa mu 1979 ku Bophuthatswana, limodzi mwa madera amene boma la tsankho linapatulira anthu akuda n'kumawatcha mayiko odziimira paokha, ngakhale kuti panalibe dziko lina limene linavomereza zimenezo. Juga inali yoletsedwa m'South Africa koma yololedwa kumeneko, motero azungu a ku Johannesburg ndi ku Pretoria ankayenda maola awiri okha n'kukapeza zimene kwawo sakanazipeza. Kuti malowo amveke kunja, kumapeto kwa 1981 anayambitsa mpikisano wotchedwa Million Dollar Challenge, umene pambuyo pake unadzatchedwa Nedbank Golf Challenge, ndipo anaitana anthu asanu okha: Jack Nicklaus, Lee Trevino, Seve Ballesteros, Johnny Miller ndi Gary Player, amenenso ndiye anajambula bwalo limene ankasewerapo. Miller ndi Ballesteros anafanana mphamvu, anabwereza maenje (malo olowetsamo mpira) asanu ndi anayi asanalekanitsidwe, ndipo Miller anatenga madola 500,000. Pa nthawiyo panalibe mpikisano wina wa gofu umene unkapereka ndalama zoterozo kwa munthu mmodzi. Sunali mpikisano woti munthu adzipezere malo chifukwa cha kusewera bwino chaka chonse. Unali chionetsero, ndipo wolowamo anali yekhayo amene eni malo amuitana.

Kwa ife a ku Lusaka nkhani imeneyi ili ndi mbali ina imene kapepala ka kampani sikanakhudze n'komwe. Zaka zimene akatswiri ankagawana mamiliyoni ku Sun City ndi zaka zomwezo zimene likulu la ANC, chipani chimene chinkalimbana ndi boma la tsankho, linali mumzinda uno, mtsogoleri wake Oliver Tambo akukhala pakati pathu, ndipo mu Meyi 1986 asilikali a South Africa anaukira dziko lathu pamodzi ndi Zimbabwe ndi Botswana. Mayiko ambiri anali atagwirizana zosala South Africa pa masewera ndi pa zoimbaimba, choncho wosewera aliyense amene ankalandira kuitanako ankadziwa kuti adzudzulidwa akabwerera kwawo, ndipo kukula kwa mphotoyo kunali njira yowagonjetsera manyazi. Mmodzi mwa anzanga, bambo wachikulire amene anayamba gofu ali mnyamata wonyamula ndodo za gofu za azungu, anatikumbutsa zimenezi tili m'ndege, pamene anaona kuti tanyamuka pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda ndipo tikukatera pabwalo la ndege la O. R. Tambo. Iye anati m'masiku amenewo munthu wa kuno sakanayerekeza kunena pagulu kuti akufuna kukaonera gofu ku Sun City, ngakhale kuti a Kaunda eniake ankakonda gofu ndipo ankasewera pabwalo la ku State House.

Bambo yemweyo ndiye anatiuza kuti anaona ndi maso ake Ian Woosnam akupambana Zambia Open mu 1985, ali wosewera amene dzina lake linali lisanakule kwenikweni. Patangopita zaka ziwiri, mu 1987, eni mpikisano wa ku Sun City anaganiza zoti wopambana atenge miliyoni yonse yekha, ndipo amene anaitenga anali Woosnam yemweyo. Anansi athu a ku Zimbabwe nawonso ali ndi gawo lalikulu m'mbiri imeneyi. Mark McNulty anapambana mu 1986, ndipo Nick Price anapambana katatu, mu 1993, 1997 ndi 1998. Mu 1993 Price anasiya womutsatira ndi mikwapulo 12 (kutanthauza kuti anamaliza atamenya mpira kocheperako ka 12), chinthu chosowa kwambiri pamene onse osewera ali akatswiri, ndipo mu 1998 anagonjetsa Tiger Woods atabwereza maenje angapo. David Frost ndi Ernie Els a ku South Africa anapambananso katatu aliyense, ndipo mu 2000 Els analandira madola mamiliyoni awiri atagonjetsa Lee Westwood, amenenso pambuyo pake anadzatenga chikhocho katatu. Izi ndi zaka zimene osewera ankakhala ochepa, kawirikawiri 12, ndipo munthu woonera ankatha kuima pamalo amodzi n'kuwaona onse akudutsa m'kanthawi kochepa.

Zinthu zinasintha mu 2013 pamene mpikisanowu unalowa m'ndandanda wa European Tour, bungwe la mipikisano ya akatswiri a gofu la ku Ulaya, ndipo osewera anakwana 30. Mu 2016 anafika 72. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa: mphoto za mipikisano ya ku America zinali zitakwera kwambiri moti miliyoni imodzi sinkakokanso katswiri kuti awoloke nyanja kumapeto kwa chaka pamene akufuna kupuma. Mu 2020 ndi 2021 mpikisanowu sunachitike chifukwa cha mliri wa Covid-19. Umene tinakaona ife unali ndi osewera oposa 60, ambiri mwa iwo anyamata aluso a ku Ulaya ndi ku South Africa amene mayina awo sadziwika kwa munthu amene satsatira gofu sabata ndi sabata. Ndinafunsa mayi amene anatigulitsa ulendowo, titabwerera, chifukwa chimene analembera za akatswiri 12, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti mawuwo anawapeza atalembedwa kale pamene ankayamba ntchito. Sindikukayika kuti ananena zoona, koma kampani imene ikutenga ndalama zambiri chonchi kwa munthu iyenera kuwerenga kapepala kake kamodzi pachaka.

Pa za ndege ndilibe chodandaula. Matikiti anabwera nthawi yabwino, ulendo wa ku Johannesburg ndi wa maola awiri okha, ndipo popeza ife a ku Zambia sitifunika viza pokacheza ku South Africa, panalibe mapepala ovuta.

Malo ogona ndiwo anali vuto lalikulu. Kapepala kanali ndi chithunzi cha mahotela a mkati mwa Sun City, koma ife anatiika m'nyumba ya alendo kufupi ndi Rustenburg, ndipo tsiku lililonse tinkayenda ulendo wautali pabasi kupita ndi kubwerera. Nyumbayo inali yaukhondo, chakudya cham'mawa chinali chokwanira, ndipo eni ake anali anthu ochereza bwino, koma si zimene tinkaganiza kuti talipira. Choipa kwambiri n'chakuti basi inkanyamuka pa nthawi imodzi yokha m'mawa ndi nthawi imodzi madzulo. Tsiku loyamba tinafika magulu oyambirira a osewera atayamba kale, ndipo tsiku lachitatu la mpikisano dalaivala anatiitana kuti tinyamuke gulu lotsogola lisanamalize, chifukwa ankaopa mzere wa magalimoto pachipata. Munthu amene sasewera gofu angaone ngati imeneyi ndi nkhani yaing'ono, koma maenje omalizira a tsiku lachitatu ndi amene amasonyeza amene akalimbirane chikho mawa lake. Lamlungu tinakana kukwera mpaka chikho chitaperekedwa, ndipo dalaivalayo, amene sindikumuimba mlandu chifukwa ankatsatira zimene anauzidwa, anatidikira.

Wotiperekeza anali mnyamata waulemu amene ankadziwa bwino nyama za ku Pilanesberg, nkhalango yotetezedwa imene ili pafupi ndi Sun City, koma za gofu ankadziwa zochepa. Sanathe kutiuza pamene tingaime kuti tione bwino, ndipo sankadziwa kuti mafoni ayenera kukhala chete wosewera akamakonzekera kumenya mpira. Mbiri yonse imene ndalemba pamwambapa tinkauzana tokha m'basi, iye akumvetsera ngati mlendo.

Chimene chinapulumutsa ulendowo ndi bwalo lenilenilo, ndipo pamenepa kampani ilibe chimene inachitapo kupatula kutipatsa tikiti. Bwalo la Gary Player Country Club ndi lalitali mamita oposa 7,000, lili pakati pa mapiri otsala a chiphalaphala chakale, ndipo mphepo imazungulira m'mapirimo moti mbendera ya padzenje imaloza kwina, mitengo ikuweramira kwina. Udzu wake ndi wa kikuyu, umene ife tonse timaudziwa pamabwalo a kuno, ndipo zinatisangalatsa mwachinsinsi kuona akatswiri a ku Ulaya akuvutika nawo monga mmene timavutikira ife, mpira ukamira ndodo n'kukodwa. Tinakhala nthawi yaitali padzenje la nambala 9, pamene malo olowetsera mpira azunguliridwa ndi madzi ndipo wosewera ayenera kusankha ngati awoloke ndi mkwapulo wachiwiri kapena aike mpira patsogolo pa madzi n'kuwoloka ndi wachitatu. Pa wailesi yakanema kusankha kumeneko sikuoneka kulemera kwake. Ukakhala pomwepo umaona wosewera akutulutsa ndodo, kuibweza, kukambirana ndi womunyamulira chikwama, kuponya udzu m'mwamba kuti aone mphepo, ndipo khamu lonse lili zii. Max Homa wa ku America ndiye anapambana chaka chimenecho, atasiya Nicolai Højgaard ndi mikwapulo inayi, ndipo Justin Thomas analiponso, kotero sindinganene kuti mayina akuluakulu kunalibiretu. Anali ochepa chabe poyerekeza ndi zimene tinalonjezedwa.

Dzuwa la kumeneko mu Novembala ndi loopsa ngati la ku Chirundu, ndipo kampani sinatichenjeze za chipewa, mafuta odzola kapena nsapato zoyendera tsiku lonse. Zakudya ndi zakumwa za mkati mwa bwalo n'zodula kwa munthu wosintha makwacha kukhala ma rand, ndipo sizinali m'gulu la zimene tinalipiriratu, ngakhale kuti mawu a pakapepala ankamveka ngati zilimo.

Kwa munthu amene amasewera gofu ndipo akufuna kuona mmene akatswiri amamenyera mpira pabwalo lovuta, ulendo wa ku Sun City ndi woyenera ndalama zake, ndipo ine ndidzapitanso. Koma sindidzagulanso ulendo wokonzedwa kale popanda kuona dzina la hotela litalembedwa papepala la mgwirizano, nthawi zonse za basi, ndi mndandanda wa osewera a chaka chimenecho, umene umalengezedwa mpikisano usanayambe. Anzanga awiri anena kuti ulendo wotsatira tidzagule tokha matikiti pa intaneti ndi kubwereka galimoto ku Johannesburg. Bambo wachikulire uja wati iye zake zinakwana: ankafuna kungoponda pamene Woosnam anatengera miliyoni, ndipo anapondapo.