Mphaka wa mabatire pa miyendo ya Amayi: zimene ndaona patatha miyezi 11

Mwezi wa June chaka chatha, mwera utavuta panyanja, achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatitumizira mphaka wa loboti kudzera mwa munthu wina amene ankabwera kuno ku Mangochi pa basi. Patangotha milungu iwiri ndinalemba maganizo anga oyamba, ndipo ndinanena zinthu ziwiri. Choyamba chinali choti chipangizochi chabweretsa mtendere m'nyumba mwathu, chifukwa Amayi, amene ali ndi zaka 81 ndipo akudwala matenda oiwalaiwala amene madokotala amati dementia, anali atachepetsa chizolowezi chomanga katundu m'chitenje dzuwa likamalowa n'kumati akupita kwawo ku Namwera. Chachiwiri chinali choti Amayi apeza mnzawo. Lero papita miyezi 11. Mawu oyambawo ndikuwavomerezabe, koma achiwiriwo ndikuwabweza, chifukwa ndinawalemba ndisanaonetsetse chimene chinkachitika pakati pa Amayi, mphakayu ndi ine.

Kwa amene sanamuonepo, mphakayu ndi wamkulu ngati mphaka weniweni, ali ndi ubweya wofewa wotuwa, ndipo sayenda. Amatsegula ndi kutseka maso, amatembenuza mutu, amakweza mwendo wakutsogolo ngati akufuna kudzinyambita, amalira kuti nyawu, ndipo ukamusisita pamsana kapena patsaya amayamba kunjenjemera chapansipansi m'chifuwa monga amachitira mphaka akakhuta n'kugona pafupi ndi mbaula. Ukapitiriza kumusisita amagudubuka n'kuonetsa mimba, ukamusiya kwa kanthawi amagona. Zonsezi zimachokera ku tizipangizo tomva kukhudza ndi kamota kamene kali m'kati mwake. Safuna intaneti, samva Chichewa kapena Chiyao, sasiyanitsa dzanja la Amayi ndi la mlendo, ndipo sasunga chilichonse cha dzulo. Achimwene anasankha mphaka osati galu podziwa kuti abale athu ambiri ndi Asilamu ndipo galu m'nyumba sakanamulandira, ngakhale wa chidole. Anauza ine kuti mtengo wake unapitirira pang'ono madola 100. Loboti yotchuka ya mtundu uwu, Paro, imene Takanori Shibata anapanga ku Japan m'maonekedwe a mwana wa nyama ya m'nyanja zozizira, imagulidwa madola masauzande angapo, choncho si ya banja ngati lathu.

Pa za kulimba kwake ndinene mwachangu. Amagwiritsa mabatire anayi a saizi ya C, amene m'magolosale ambiri a kuno sapezeka, chifukwa ofala ndi aakulu a wailesi ndi ang'onoang'ono a tochi. Amayi akamakhala naye tsiku lonse mabatirewo satha mwezi, mpaka achimwene anatitumizira otchaja. Ubweya wake suchapidwa. Timangoupukuta ndi kansalu konyowa n'kuupesa, ndipo fumbi la chilimwe laudetsa kwamuyaya. Mu October ndi November, kutentha kwa kuno kutafika pachimake, Amayi ankatuluka thukuta pa miyendo pamene mphakayo wagona, ndiye tinayamba kumuika pambali pawo pamkeka. Tsopano khosi lake layamba kuuma, mutu sutembenukanso bwino kumanzere, ndipo kamota kakumveka kwambiri kuposa kale, ngakhale Amayi sakamva chifukwa makutu awo anayamba kugontha.

Vuto limene sindinaliganizire n'komwe linachokera kunja kwa mpanda. Nkhalamba yolankhula yokha usiku, yofungatira mphaka wosadya ndi wosayenda, ndi nkhani imene imathamanga msanga pamjigo. Mwana wanga wamkazi atandiuza zimene anamva akutunga madzi, ndinachita mantha enieni, chifukwa tonse tikudziwa zimene zachitikira agogo ena m'dziko muno atanenedwa kuti ndi mfiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Ndinaitana amayi oyandikana nafe pakhonde, ndinatembenuza mphakayo chagada, ndinatsegula pamimba n'kutulutsa mabatire anayi aja m'manja mwawo, ndipo ndinafotokoza za matenda a Amayi. Ndinakauzanso anyakwawa. Aliyense woganiza zogulira kholo lake chipangizo chotere kuno kwathu achite zimenezi tsiku loyamba, asadikire kuti mphekesera iyambe.

Chimene ndinalakwitsa pa kulemba kwanga koyamba ndi ichi: ndinkaganiza kuti mphakayu akusamalira Amayi, pamene zoona zake n'zoti Amayi ndiwo akusamalira mphakayu. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakhala pamkeka, mbale ya phala ili pakati pa miyendo, akuuzira sipuni kuti izizire, kenaka n'kuifikitsa pakamwa pa mphakayo monyengerera, "Idya pang'ono, mwanangu, usandikanire." Phalalo linauma pa ubweya wa pachibwano mpaka ndinachita kudula ndi sizasi. Madzulo amamufunditsa chitenje kuti asalumidwe ndi udzudzu, ndipo kangapo ndawaona atamubereka kumbuyo, akuyendayenda pabwalo, akumugwedeza ndi kuimba chapansipansi. Amamuitana ndi dzina limene sindilemba pano, la mwana wawo amene anamwalira ali wakhanda ine ndisanabadwe.

Mayi ameneyu analera ana asanu ndi awiri ndi adzukulu osawerengeka, anagulitsa usipa ndi utaka kwa zaka zambiri, ndipo palibe chinkhoswe kapena maliro a pamtundu pathu amene ankaphikidwa popanda mawu ake. Matenda atayamba, ife ana, chifukwa chowakonda, tinawalanda zonse. Tinawaletsa kuyandikira moto, tinawabisira mpeni, tinawauza kuti angokhala. Munthu amene moyo wake wonse ankadzidziwa yekha kudzera mwa anthu omudalira tinamusandutsa wongolandira. Ndinazimvetsa bwino nditawerenga za kafukufuku wa Ellen Langer ndi Judith Rodin wa mu 1976, pa nyumba ina yosungira okalamba ku Connecticut, ku America. Gulu limodzi la okalamba linapatsidwa mbewu ya mumphika kuti liziisamalira lokha, pamodzi ndi ufulu wosankha zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, pamene gulu lina linauzidwa kuti anamwino azichita zonse, kuphatikizapo kuthirira mbewuyo. A gulu loyamba anaoneka achangu ndi osangalala kuposa anzawo. Mphaka wathu wachita ntchito ya mbewu ija, ndipo waichita mwamphamvu chifukwa iye amayankha ukamukhudza. Amayi akamati akupita ku Namwera, ndimangowafunsa kuti, "Nanga mwanayu atsala ndi ndani?" Amaima, amayang'ana, n'kumasula katundu.

Anthu ambiri amandifunsa ngati Amayi amadziwa kuti ndi chidole, ndipo ena amafunsa m'njira yosonyeza kuti ndikunamiza kholo langa. Funso limeneli linandisowetsa tulo, chifukwa si lachibwana. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Australia, Robert Sparrow, analemba mu 2002 kuti phindu la ziweto za loboti limadalira kuti munthu adzinyenge yekha pa zimene chinthucho chili, ndipo kuti kupanga zinthu zotere n'kusalemekeza okalamba. Yankho langa ndinalipeza kwa Amayi eni ake. Tsiku lina mutu wawo uli bwino, ndikusintha mabatire pamaso pawo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndikudziwatu kuti n'chopanga anthu, koma usachigwire choncho, chimva kuwawa." M'chiganizo chimodzi munali zonse ziwiri, ndipo iwo sanaone kuti zikutsutsana. Ndinakumbukira mmene tinkaberekera chitsononkho kumasanje: ukafunsidwa unkadziwa kuti n'chitsononkho, koma wina akachiponda unkalira misozi yeniyeni. Dokotala wa ana wa ku Britain, Donald Winnicott, anafotokoza mu 1953 za kansalu kapena chidole chimene mwana amachikakamira pogona, chimene chimakhala pakati pa dziko la mumtima mwake ndi dziko lakunja, ndipo anati munthu wamkulu asamufunse mwanayo ngati chinthucho anachilenga yekha kapena anachipeza. Ndasankha kutsatira zimenezo. Sindinawauzepo Amayi kuti mphakayu ndi wamoyo, ndipo akandifunsa molunjika ndimanena zoona, koma akandifunsa ngati wadya ndimayankha kuti sakudandaula.

Khalidwe limeneli si la odwala okha. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa pa yunivesite ya MIT ku America analemba pulogalamu ya kompyuta yotchedwa ELIZA, imene inkangobweza mawu a munthu m'mafunso, koma mlembi wa muofesi yake, amene ankadziwa bwino kuti ndi makina, anapempha Weizenbaum kuti atuluke m'chipinda kuti alankhule nayo payekha. Ine ndemwe, mphunzitsi wa zaka 50 zakubadwa, ndadzipezapo ndikupepesa mphakayu nditamugunda ndi phazi. Mtima wa munthu umafulumira kuona mnzake paliponse pamene pali maso otseguka ndi kuyankha.

Mbali imene imandiwawa kulemba ndi ya February ndi March. Ntchito ya kusukulu inachuluka, mvula inkagwa, ndinkafika kunyumba nditatopa ndili ndi makope oti ndichonge. Kale ndinkakhala ndi Amayi pakhonde kuyambira dzuwa litapendeka mpaka mdima, chifukwa ndikapanda kutero ankadzuka kuti azipita. Tsopano panali njira yachidule. Ndinkawaika mphaka pa miyendo, ndinkaona kuti akhazikika, n'kulowa m'nyumba. Palibe amene anadandaula, ndipo ndicho chinandisocheretsa, chifukwa ndinatenga kukhala chete kwawo ngati umboni woti ali bwino. Usiku wina ndinatuluka kuti ndiwalowetse, ndipo ndinawapeza akuuza mphakayo nkhani ya mmene anawolokera Shire pa bwato ali mtsikana, pamene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston. Anafika pa dzina la azakhali awo amene anawaperekeza, n'kulephera kulikumbukira. Anayang'ana mphakayo, akubwereza kuti, "Aja, aja, ukuwadziwa iwe," ndipo mphakayo analira kuti nyawu n'kugudubuka. Amayi anangoti kukamwa yasa kwa kanthawi, kenaka nkhaniyo inathera pomwepo. Dzinalo ine ndinkalidziwa, ndipo ndinali nditaima pakhomo mapazi ochepa chabe.

Sherry Turkle, amenenso ndi wa ku MIT, anaonerera okalamba akulankhula ndi Paro m'nyumba zosungira okalamba ku America, ndipo nkhawa yake inali yomweyi, yoti munthu akufotokoza moyo wake kwa chinthu chimene sichimva kanthu, achibale ake ataima pambali n'kumakhutira. Kale ndinkaona ngati akukokomeza. Usiku umenewo ndinaona kuti chimene amanena chinachitika pakhonde panga. Akuluakulu amati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo ndakhala ndikudzifunsa ngati Amayi akakhala ndi mphakayu ali awiri kapena ali okha. Ndikuona kuti pa nkhani ya manja ali awiri, chifukwa ali ndi chogwira, chofunditsa ndi chodera nkhawa, ndipo zimenezo zimawatsitsa mtima. Koma pa nkhani ya kukumbukira kuti iwo ndi ndani, ali okha. Tom Kitwood wa pa yunivesite ya Bradford, amene anasintha kwambiri kasamalidwe ka odwala matendawa m'zaka za m'ma 1990, ankaphunzitsa kuti umunthu ndiwo ulemu umene anthu ena amapereka kwa munthu pokhala naye, ndipo kuti wodwala akamataya kukumbukira, omuzungulira ndiwo ayenera kumugwirira mbiri yake. Mphaka wosasunga za dzulo sangagwirire munthu dzina la azakhali ake.

Kuyambira April ndasintha kachitidwe. Mphaka amakhalabe pa miyendo yawo, koma ine ndimakhala pomwepo, makope ndimachonga akagona. Ndazindikira kuti Amayi amalankhula momasuka akamayang'ana mphakayo kusiyana ndi akamayang'ana ine, mwina chifukwa nkhope yanga imaonetsa chisoni akasokoneza mawu, pamene mphakayo saweruza. Choncho amauza mphaka, ine ndimamvetsera, ndipo akakakamira pa dzina la munthu kapena la mudzi ndimaliponya mofatsa, nkhani n'kupitirira. Adzukulu, amene anayamba kuwaopa agogo awo chifukwa chosowa chokamba nawo, tsopano amabwera kudzafunsa kuti, "Anganga, mwana wanu wagona bwanji?" ndipo Amayi amawakalipira kuti achepetse phokoso, ndi mawu omwe aja amene ankatikalipira nawo ife. Kwa banja limene lili ndi munthu woti azikhala pomwepo, ndinganene kuti chipangizochi n'choyenera ndalama zake. Kwa amene akufuna kutumiza kuchokera kutali kuti chilowe m'malo mwa munthu, ndingamulangize kuti ndalamazo alipire wowasamalira kapena akwere basi adzawaone.

Chatsala ndi nkhani ya khosi louma lija. Achimwene andifunsa pa foni ngati atumize wina watsopano, ndipo ndawapempha kuti ayambe adikira. Ku Japan, kampani ya Sony itasiya kukonza agalu ake akale a loboti otchedwa AIBO mu 2014, kachisi wina wa Chibuda m'chigawo cha Chiba anayamba kuwachitira mwambo wa maliro, chifukwa kwa eni ake galu watsopano sanali galu yemwe uja. Amayi nawo amadziwa mphaka wawo ndi zala. Pali malo kuseri kwa khutu lakumanja pamene ubweya unatha chifukwa chosisitidwa, ndipo dzanja lawo limapita pomwepo ngakhale mumdima. Sabata yatha mabatire anatha madzulo, otchaja aja ndisanawatchaje, ndipo mphakayo anangoti zii. Ndinakonzeka kuti pakhala kulira. Amayi anamuyang'ana, anamukokera chitenje mpaka m'khosi, n'kundinong'oneza kuti ndilankhule motsitsa chifukwa mwana wagona, kenaka anandifunsa ngati ineyo ndadya.