Hy-Road, Phaze II ndi Purple Hammer: ndi uti ungapirire leni yovuta mafuta?

Amene watopa ndi mipira ya pulasitiki ya m'holo ya bowling amafuna wakewake woti uzikhota. Ambiri kuno ku Lilongwe amaitanitsa kunja, ndipo ndi mmene dola ikuvutira kupezeka, palibe amene angakonde kugula kawiri. Mipira itatu yomwe imatchulidwa kwambiri ndi Hy-Road ndi Phaze II ya kampani ya Storm, komanso Purple Pearl Urethane ya kampani ya Hammer, yomwe imadziwika kuti Purple Hammer. Yonse ndi yabwino, koma uliwonse uli ndi leni yake, ndipo wamphamvu kwambiri pa itatuyi ndi umene ungakugwiritseni mwala msanga ngati mafuta ali ochepa.

Leni ndi yotalika mafiti 60 kuchokera pa mzere woponyera kukafika pa pini yoyamba, ndipo m'lifupi mwake muli matabwa 39. Mafuta amathiridwa pa mafiti pafupifupi 35 mpaka 45 oyambirira, kotsalako kumakhala kouma. Mpira umaterereka pamafuta, ukafika pouma umagwira pansi n'kukhota, kenako umagubuduka kulowa pakati pa pini 1 ndi 3 ngati mumaponya ndi dzanja lamanja. Pa kathiridwe ka masiku onse mafuta amachuluka pakati, m'mbali amachepa, mwina kakhumi, choncho mpira wophonyera kunja umabwerera wokha. Pa kathiridwe ka mipikisano kusiyanako kumatsika kufika pa katatu kapena kanayi basi, ndipo mukaphonya ndi matabwa awiri mwaphonya ndithu. Osewera amawerengera motere: chotsani 31 pa kutalika kwa mafuta, yankho lake ndi thabwa lomwe mpira uyenera kukhalapo potuluka m'mafutamo. Mafuta a mafiti 40 ndiye kuti thabwa 9.

Koma vuto lomwe wosewera wamba amakumana nalo kawirikawiri si la mpikisano. Ndi leni yomwe yaseweredwa tsiku lonse ndi mabanja ndi ana, onse akuponya mipira ya pulasitiki pakati. Pulasitiki samwa mafuta, amangowakankhira kutsogolo. Pofika madzulo kumayambiriro kwa leni kwauma, pomwe kumapeto, komwe kumayenera kukhala kouma, kwaterera. Mukawonjezapo fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala, mpira umagwira pansi msanga, mphamvu n'kuthera panjira, n'kukafika kumapini wofooka. Musanaponye, funsani wosamalira maleni kuti, “Achimwene, mafuta athiridwa liti, nanga ndi mafiti angati?” Mpira ukabwerera uyang'aneni: ngati uli ndi mizere ya mafuta yooneka bwino, mafuta alipo, ngati wabwera wouma, musatulutse mpira wamphamvu.

Pa leni yotereyi ife tikusankha Hy-Road. Unatuluka mu 2008 ndipo khungu lake ndi R2S Hybrid, losakaniza solid (logwira pansi msanga) ndi pearl (loterereka motalikirapo), lopukutidwa mpaka kunyezimira pa 1500 (nambala yosonyeza kusalala kwa chopalira: ikakwera, chimakhala chosalala kwambiri). Pa mpira wolemera mapaundi 15, RG yake (muyeso wa mmene kulemera kwatalikirana ndi pakati pa mpira) ndi 2.57 ndipo differential (muyeso wosonyeza mphamvu yake yokhotera) ndi 0.046. RG yokwera chonchi imachititsa kuti mpira uchedwe kuyamba kugubuduka, ndiye umadutsa pouma pakumayambiriro osataya mphamvu, n'kukakhota kumapeto. Ubwino wake wina ndi woti umamvera mukausintha khungu. Mukaona kuti ukupitirira osakhota chifukwa cha mafuta okankhidwira kutsogolo aja, upaleni pang'ono ndi padi yopalira mipira ya Abralon ya 3000, kapena 2000 ngati mafuta ndi ambiri. Pamenepo umayamba kugwira msanga ndipo kukhota kwake kumakhala kodekha. Chofooka chake chimaoneka pa mafuta atsopano, ambiri, opitirira mafiti 43. Apo umaterereka mopyola, makamaka kwa woponya mwaliwiro amene sazunguza kwambiri mpira, ndipo mudzakhala mukusiya pini 2 kapena 10 kawirikawiri.

Phaze II ndiye wa mafuta ambiriwo. Unatuluka mu 2016, khungu lake ndi TX-16 Solid lopalidwa pa 3000, mtima wake (cholemera cha m'kati mwa mpira) ndi Velocity, RG 2.48, differential 0.051. Umayamba kugubuduka msanga, umagwira pakati pa leni ngakhale pali mafuta, ndipo sudzidzimutsa pokhota. Kwa amene amasewera m'mawa makina atangothira mafuta, kapena amene akukonzekera mpikisano kunja, palibe pa itatuyi woposa uwu. Chomwe chimasocheretsa ambiri n'choti pa leni youma, Phaze II saoneka ngati wakhota mopyola. Umaoneka ngati sukukhota n'komwe, chifukwa wamaliza ntchito yake pa mafiti 30, ndipo kotsalako ukungogubuduka molunjika. Wosewera amaganiza kuti mafuta achuluka, n'kuupalanso ndi padi yokhakhala, vuto n'kukula. Chofunika apo n'kusunthira mapazi kumanzere (ngati mumaponya ndi dzanja lamanja) matabwa awiri kapena atatu, maso thabwa limodzi kapena awiri, kuti mupeze mafuta otsala pakati. Zikakanika, ubwezeni m'chikwama.

Purple Hammer ndi wa khungu la urethane, osati la reactive, lomwa mafuta, ngati la Hy-Road ndi Phaze II. RG 2.65, differential 0.015 yokha. Sumwa mafuta kwenikweni, umagwira pansi msanga koma mofatsa, ndipo njira yake ndi yokhota pang'onopang'ono. Ntchito yake ndi pa mafuta aafupi, mafiti 35 kapena 37, komwe mpira wa reactive umalumpha ukangofika pouma. Umafuna woponya amene amazunguza mpira kwambiri ndipo amalunjika bwino kufupi ndi m'mbali. Amene akungoyamba adzaona ngati wagula pulasitiki wodula. Nawonso umakankhira mafuta kutsogolo, ndiye muziupukuta musanaponye ulendo uliwonse. Sitikulangiza kuti ukhale mpira wanu woyamba. Mukaupeza wakale wogulitsa, yang'anani nambala yolembedwa pampirapo, yomwe imasonyeza chaka chomwe unapangidwa: mu 2022 bungwe la USBC, loyendetsa masewera a bowling ku America, linachotsa pa mndandanda wa mipira yovomerezeka ma Purple Hammer opangidwa mu 2016 ndi 2017 chifukwa cha kufewa kwa khungu. Mpira wakale uliwonse muuonenso ngati uli ndi bowo lowonjezera la m'mbali losalowetsamo chala. Mabowo amenewa analetsedwa kuyambira pa 1 Ogasiti 2020, ndipo ayenera kutsekedwa mpira usanalowe mu mpikisano.

Pa kulemera, malire ndi mapaundi 16. Akuluakulu ambiri amakwanira pa 14 kapena 15, omwe ndi makilogalamu 6.4 ndi 6.8. Manambala tatchulawa ndi a mapaundi 15, ndipo mipira yambiri ya mapaundi 12 ndi 13 imakhala ndi mtima wina wosavuta, choncho sichita chimodzimodzi ngakhale dzina ndi utoto zili zomwezo.

Nkhani yomwe imaiwalika poitanitsa ndi yobowola. Mipira iyi imabwera yopanda mabowo, ndipo si ntchito ya kalipentala kapena ya makina a ku galaja. Wobowola amayeza kutalika kochokera pa chala chachikulu kukafika pa zala ziwiri zapakati, kukula kwa chala chilichonse ndi kupendekeka kwa bowo lililonse, komanso amafuna kuona mmene mumaponyera kuti adziwe poika mtima wa mpira. Akaphonya pang'ono chabe, chala chachikulu chimatupa kapena kuchita matuza, mumayamba kuufinya mpira, ndipo sutuluka bwino m'dzanja. Tsimikizani kaye za wobowola musanalipire. Njira yabwino ndi kugula ndi kubowoletsa pamalo amodzi inu mulipo, monga mukapita ku Johannesburg. Kutuma m'bale kuti akabowoletse ndi dzanja lake n'kutaya ndalama. Pobwerera kumbukirani kuti mipira iwiri ya mapaundi 15 yatenga kale pafupifupi makilogalamu 14 a katundu wanu wa m'ndege. Ngati malo alipo, wachiwiriyo akhale wa pulasitiki, monga Brunswick TZone, wogwetsera mapini otsala a m'ngodya, chifukwa umapita molunjika mosatengera mafuta.

Khungu la reactive lili ndi timabowo tosaoneka tomwe timamwa mafuta, ndipo tikadzaza, mpira umasiya kukhota. Pukutani ndi kansalu ka microfiber mukamasewera, ndipo mukamaliza tsukani ndi mankhwala opangidwira mipira ya bowling, osati petulo, thina kapena parafini. Pakatha magemu 50 kapena 60, tsekani mabowo ndi tepi, muviike mpira m'madzi ofunda oti dzanja likupirira, osati owira, muthiremo sopo wotsukira mbale pang'ono, kwa mphindi 20. Pukutani, ndipo mubwereze mpaka mafuta atasiya kutuluka. Popala ndi padi, inyowetseni, mupale mbali zonse mofanana, masekondi 15 mpaka 20 mbali iliyonse, ndipo muchite izi mpikisano usanayambe chifukwa ukayamba malamulo salola. Mpira musausiye m'buti ya galimoto yoima padzuwa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumafufumitsa khungu ndi mtima mosiyana, ndipo mng'alu umayambira pakati pa mabowo a zala. Usungeni m'nyumba pamthunzi, ndipo ngati simukusewera muziutembenuza pakapita milungu ingapo.