Fuzz Face ya germanium: mawu ake ndi okoma, koma imamva nyengo ya ku Mzuzu

Pedulo (kabokosi kopondapo kosintha mawu a gitala) yomwe tikuyiwunika ndi Fuzz Face yofiira ya Dunlop, ya nambala JDF2, yozungulira ija yokhala ndi zopotokola ziwiri zokha, Volume ndi Fuzz, ndi switchi yopondapo. Mkati mwake muli ma transistor awiri a germanium a mtundu wa PNP. Imayendera batire la 9V basi. Ilibe pobayira adaputa, ilibenso kanyali kosonyeza kuti yayaka. Tinene mwachidule pomwe pano: kwa woyimba gitala yemwe ali ndi ampu yeniyeni ya gitala ndipo amadziwa kugwiritsa ntchito voliyumu ya pa gitala pake, pedulo iyi ndi yabwino kwambiri. Kwa amene amabaya gitala molunjika mu mikisa ya kutchalitchi, ndi kutaya ndalama.

Kapangidwe kake ndi kakale. Kampani ya Arbiter ya ku London inayamba kupanga Fuzz Face mu 1966, itatsogoleredwa ndi Maestro FZ-1 ya Gibson ya mu 1962 ndi Tone Bender ya Sola Sound ya mu 1965. Amene anamverapo magulu a Zamrock a kwa aneba athu ku Zambia a m'ma 1970 akudziwa kulira kwa gitala kosasa komwe tikunena.

Pa pulani yakale zipangizo zake n'zowerengeka. Mawu a gitala amalowera pa capacitor ya 2.2µF n'kufika pa base ya transistor yoyamba, Q1. Collector ya Q1 ili ndi resistor ya 33k ndipo yalumikizidwa molunjika ku base ya transistor yachiwiri, Q2. Pa collector ya Q2 pali 8.2k ndi 470Ω motsatana, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pomwe mawu amatulukira kudzera pa 0.01µF kupita ku Volume ya 500k. Pa emitter ya Q2 pali Fuzz ya 1k ndi capacitor ya 20µF, komanso resistor ya 100k yobwerera ku base ya Q1. Resistor ya 100k imeneyi ndi yomwe imapangitsa kuti polowera pa pedulo pakhale impedance yotsika, motero pedulo imakoka pickup ya gitala, kachipangizo kotola kulira kwa nsambo, ndipo ziwirizi zimagwira ntchito ngati chinthu chimodzi.

Ubwino wake wonse wagona pamenepa. Ikani Fuzz kumapeto, Volume ya pedulo kupitirira theka. Voliyumu ya pa gitala ikakhala pa 10 mawu ndi onenepa, okhuthala, ndipo nsambo imodzi imalira nthawi yaitali. Mukaitsitsa pa 7 kapena 6, kusasa kumachoka, pamatsala mawu oyera owala omwe mungayimbire rhumba kapena kukhwatcha reggae osaponda switchi. Ma pickup a single coil ndiwo amachita bwino apa. Ma humbucker, ma pickup a ma coil awiri, amphamvu amaidzaza msanga, nsambo zazikulu n'kumamveka ngati zatsekedwa pakamwa. Chopotokola cha Fuzz chili ndi vuto lodziwika: ntchito yake yonse ili kumapeto, kuyambira pakati kutsika pansi mawu amangofooka. Kuchotsa 1k wamba n'kuikapo C1k, ya reverse log, kumagawa bwino.

Tsopano nkhani ya nyengo, yomwe ogula ambiri samauzidwa. Germanium imadontha magetsi ngakhale pa base pasalowe kanthu, ndipo kudonthaku kumawirikiza pafupifupi kawiri pa madigiri 10 aliwonse omwe kutentha kwakwera. Pedulo yokhazikika bwino imawerenga pafupifupi 4.5V pa collector ya Q2, theka la batire. Kukatentha Q1 imadontha kwambiri, voteji ya pa collector yake imatsika, Q2 imayamba kutseka, ndipo collector ya Q2 imakwera kulowera ku 6 kapena 7V. Mawu amadukaduka, nsambo imafa musanaisiye. Kukazizira voteji ija imatsika, mawu n'kukhala ofinyika. Mzuzu ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndiye zonse ziwirizi tili nazo: m'mawa wa June kapena July ku Katoto chifunga chitakuta, ndi masana a October m'holo yofoleredwa ndi malata. Onjezani ulendo wotsikira ku Nkhata Bay kukayimba m'mbali mwa nyanja. Pedulo yomwe imalira bwino poyeserera kunyumba ikafika kumeneko imakhala ina. Siyinawonongeke ayi, yangotenthedwa. Musaisiye pa dzuwa kapena pamwamba pa ampu yotentha, ndipo mukafika pamalo ipatseni mphindi zingapo pamthunzi musanayambe kuyesa mawu.

Mankhwala enieni ndi kuika poyisinthira. Chotsani 8.2k, muikepo 3.3k motsatana ndi trimmer ya 10k, kachopotokola kakang'ono ka mkati. Bayani chingwe polowera kuti batire ligwire, waya wakuda wa malitimita ugunde bokosi, wofiira pa collector ya Q2, ndipo potokolani mpaka muwerenge 4.5V. Mita iwonetsa chizindikiro cha minus chifukwa pedulo ya PNP imalumikiza mbali ya plus ku bokosi, musadabwe nazo. Kukatentha mumawonjezera resistance, kukazizira mumachepetsa. Ena amakonda 5V chifukwa mawu amamasuka pang'ono, zimenezo n'za khutu la munthu. Amene amayenda pakati pa Mzuzu ndi kunyanja kawirikawiri ndi bwino aboole bokosi n'kuika chopotokola chakunja m'malo mwa trimmer, ngakhale kutero kumatsitsa mtengo wake pokagulitsanso. Ntchitoyi wokonza mawailesi aliyense wodziwa kuwotcherera mumsika angaigwire, bola mumupatse manambala n'kuyimirira pomwepo poyeza.

Nkhani ya plus ku bokosi ili ndi msampha wina. Pali ena amaboola n'kuikamo pobayira adaputa, kenako n'kuyiphatikiza pa chingwe chimodzi cha adaputa ndi mapedulo ena omwe amalumikiza minus ku bokosi. Zingwe za gitala zikalumikiza mabokosiwo, plus ndi minus zimakumana, adaputa imatentha kapena kupsa. Njira ndi zitatu: batire, adaputa yakeyake yosagawana ndi ina, kapena kachipangizo kotembenuza voteji ka ICL7660S mkati. Ife tinganene kuti khalani pa batire. Pedulo yonse siyikoka ndi 1mA yomwe, ndiye batire limakhala miyezi, ndipo mabatire otsika mtengo a zinc-carbon a m'magolosale amaikwanira bwino lomwe. Simumvanso kulira kwa adaputa yotchipa kapena phokoso la jenereta lolowera ku magetsi. Kungoti mukamaliza zulani chingwe cholowera, apo ayi batire likhala likudyeka usiku wonse, ndipo kusintha kwake n'komasula mbale ya pansi. Nthawi ya mvula, yomwe kuno imakhalitsa, chotsani batire ngati pedulo ikhala osagwira ntchito, chifukwa likadontha limadya mawaya. Zopotokola zikayamba kukwakwaza ndi chinyezi, thirani contact cleaner, osati mafuta a makina.

Malo ake pamzere wa mapedulo ndi oyamba, gitala kenako iyo. Chilichonse chokhala ndi buffer, gawo lolimbitsa mawu lomwe limaima pakati pa pickup ndi pedulo, chikakhala patsogolo, monga tuner ya Boss TU-3, kabokosi ka ma effect ambiri ka Zoom, wayalesi ya gitala kapena ma pickup a batire, pedulo simaonanso pickup. Mawu amauma, amabaya m'khutu, ndipo kutsitsa voliyumu sikuyeretsanso kanthu. Pedulo ya wah ikakhala patsogolo nthawi zambiri imafooka kapena kuyamba kulira mluzu.

Vuto lalikulu kuno ndi zokuzira mawu. Magulu ambiri a m'matchalitchi a ku Chibavi, Zolozolo ndi Luwinga amabaya gitala mu ampu ya kiyibodi kapena mu mikisa. Sipika ya gitala imadula yokha mawu opitirira cha m'ma 5kHz, pamene sipika ya PA, yolumikizidwa ku mikisa ija, ili ndi tweeter, kasipika ka mawu akumwamba, yomwe imatulutsa zonse. Fuzz imapanga mawu ambiri akumwambako, ndiye mu PA imangoti tswaa ngati mafuta a m'chiwaya cha tchipisi. Ngati ampu ya gitala palibe, ikani Zoom ija pambuyo pa fuzz, yatsani cabinet yokha, gawo lotsanzira sipika ya gitala, muzimitse distortion yake, ndipo tsitsani High pa mikisa. Zimamveka, koma sizifika pa ampu yomwe yayamba kale kusasa pang'ono. Wailesi ikamalowerera m'mawu, zomwe zimachitika ndi zingwe zazitali zotchipa, capacitor ya 47 mpaka 100pF pakati pa base ndi collector ya Q2 imathetsa.

Odzipangira okha asafulumire kuitanitsa ma transistor a NKT275 a pa intaneti. Enieni a kampani ya Newmarket anasiya kupangidwa kalekale, ndipo ambiri ogulitsidwa ndi ena ongolembedwa dzinalo. Mawailesi akufa a m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa 1970 amakhala ndi AC128, OC75 kapena a ku Japan monga 2SB54 ndi 2SB56, onsewa ndi PNP. Chofunika si dzina koma kuyeza. Pobayira hFE (mphamvu yokuzira ya transistor) pa malitimita pamanama pa germanium chifukwa pamawerengera kudontha ngati mphamvu. Yezani chonchi: batire la 9V, plus ku emitter, minus kudzera pa 2.2k ndi 270Ω motsatana kupita ku collector, base isagunde kanthu. Werengani voteji pa ma resistor awiriwo. Ikapitirira 0.74V, transistor ikudontha kuposa 300µA, ikaniyo pambali. Kenako lumikizani 2.2M kuchokera pa base kupita ku minus, werenganinso, chotserani nambala yoyamba ija, chulukitsani ndi 100. Imeneyo ndiye hFE yeniyeni. Q1 ikhale cha m'ma 70 mpaka 80, Q2 cha m'ma 110 mpaka 130. Musaigwire ndi zala poyeza, kutentha kwa chala kokha kumasuntha mita, ndipo powotcherera panani mwendo wake ndi pulayala kuti moto usalowe mkati.

Woyimba m'gulu lomwe limayenda, lero Mzuzu mawa Karonga, agule ya silicon. Fuzz Face Mini ya buluu, FFM1, ili ndi BC108, kanyali ndi pobayira adaputa. Ndi yowala ndi yaukali kuposa yofiira, siyiyera mofewa chimodzimodzi mukatsitsa voliyumu, koma mawu ake sasuntha ndi dzuwa. Big Muff Pi ya Electro-Harmonix, ya ma transistor anayi ndi ma diode, siyisamala za buffer ndipo imakoka nsambo nthawi yaitali, koma Tone yake imakumba mawu apakati cha pa 1kHz, ndiye pakakhala makiyibodi awiri gitala imamira. JDF2 ndi ya wojambula mu situdiyo kapena woyimba pamalo amodzi yemwe ali ndi ampu ya gitala ndi malitimita. Pogula yogwiritsidwapo kale, yambani mwayeza collector ya Q2 ndi batire latsopano m'chipinda chopanda kutentha. Ikakhala pakati pa 4 ndi 5.5V tengani. Ikawerenga 8V kapena pansi pa 2V, tsitsani mtengo, chifukwa mukagulanso ma transistor.