Makampani oumitsa nyumba madzi akalowa: ntchito yawo ndi yoyenera ndalama zake?

Madzi akalowa m'nyumba, kaya giza waphulika m'siling'i usiku, kaya ngalande yasefukira ngati momwe zinakhalira m'madera ambiri a Blantyre namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, ambiri amathamangira mopu ndi ndowa. Pansi pakayera, basi amati yatha. Pakatha milungu iwiri itatu penti wayamba kutukumuka, kuseri kwa kabati kwada bii ndi chuku, m'chipinda mukumveka fungo la thumba lonyowa. Makampani otsuka ndi kuumitsa nyumba amalonjeza kuti zimenezi sizichitika. Lonjezolo limatheka, koma kwa okhawo amene amayeza chinyezi. Amene wabwera ndi makina oyamwa madzi ndi sopo wonunkhira basi, ameneyo ndi wokolopa, ndipo alipidwe ngati wokolopa.

Odziwa ntchito amayamba ndi magetsi. Amazimitsa pa main switch asanaponde m'madzi, ndipo soketi iliyonse imene yamira siyatsidwa mpaka wamagetsi aitsegule. Kenako amafunsa komwe madzi achokera. A paipi ya kumpopi ndi oyera, zinthu zambiri zimapulumuka. A m'ngalande, a suweji kapena a mtsinje wosefukira amakhala atadutsa m'zimbudzi zokumba, choncho matiresi a siponji, kapeti ndi mapilo zimene zamwa madzi otere n'zotaya, ngakhale mtima uwawe. Kampani ikakuuzani kuti ichapa matiresi omira m'madzi a suweji, dziwani kuti ikufuna ndalama yanu chabe. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa kusasewera ndi madzi amenewa.

Matope amachotsedwa ndi fosholo akadali ofewa, pansi n'kutsuka ndi sopo, kenako kolorini. Kolorini wothira pamatope sagwira. Ngati botolo la Jik lalembedwa 3.5 peresenti, kapu imodzi pa makapu 6 a madzi imapereka mphamvu ya 0.5 peresenti, yokwanira pomwe pafika zonyansa za m'chimbudzi. Amusiye mphindi 10 asanatsukuluze, mawindo ali otsegula, ndipo asamusakanize ndi mankhwala otsukira chimbudzi chifukwa mpweya wake umapweteka mapapo.

Pomwe pamaoneka kusiyana kwenikweni ndi pa kuumitsa. Chuku chimayamba kumera pakatha maola 24 mpaka 48, ndiye kampani yobwera patatha masiku anayi yafika maliro ataikidwa kale. Zipangizo zofunika ndi ziwiri ndipo zimayendera limodzi. Mafani amphamvu oikidwa pansi amawomba khoma ndi simenti kuti madzi atuluke n'kulowa mumpweya, pomwe dehumidifier imakoka madziwo mumpweya n'kuwagwetsera m'thanki kapena m'paipi. Fani yekha m'nyengo ya dzinja amangozungulitsa chinyezi chomwecho. Dehumidifier nayo ikamalira zitseko ndi mawindo zili pululu, ikuumitsa mudzi wonse, osati chipinda chanu. Cholakwa chimenechi n'chofala modabwitsa. Atseke chipinda, ndipo chinyezi cha mumpweya chitsike pansi pa 60 peresenti.

Musanyengeke ndi nambala ya malita a madzi yolembedwa pa dehumidifier. Malita 50 patsiku nthawi zambiri amayezedwa pa kutentha kwa madigiri 30 ndi chinyezi cha 80 peresenti; m'nyumba mwanu adzatuluka ochepa. M'mwezi wa Juni kapena Julayi, ku Dedza kapena ku Mzuzu, kukazizira kufika pansi pa madigiri 15, makina ogwira ngati firiji amafooka ndipo amaundana m'kati.

Za magetsi mugwirizane ntchito isanayambe. Makinawa amafunika kuyaka usana ndi usiku, ndipo mayunitsi ake ndi anu. Magetsi akamazimazima, jenereta abweretsa ndani, mafuta agula ndani? Jeneretayo aikidwe panja, kutali ndi zenera. Utsi wake umapha anthu ali m'tulo.

Madzi amabisala. Amalowa pansi pa makabati a kukhitchini, kuseri kwa matabwa a m'munsi mwa khoma, pansi pa matailosi ndi pamwamba pa siling'i. Kampani yabwino imachotsa matabwa a m'munsiwo, imakoka makabati kuwachotsa kukhoma, ndipo siling'i ikafufuma imaboola kabowo, ndowa ili pansi, kuti madzi atsike bolodi lisanagwere munthu. Makabati a chipboard (matabwa a tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu) akatupa sabwerera, musalipire kuti awaumitse. A matabwa enieni amapulumuka akaumitsidwa pang'onopang'ono pamthunzi. Padzuwa amapindika n'kung'aluka.

Ndiye mudziwa bwanji kuti nyumba yauma? Ndi dzanja ayi. Pulasitala amauma kunja m'kati muli madzi. Ayeze ndi kachipangizo koyezera chinyezi pamalo omwewo tsiku lililonse, alembe manambala, ndipo awayerekeze ndi khoma la chipinda chimene sichinanyowe. Chinyezi cha m'thabwa chisapitirire 15 peresenti. Inunso mutha kuwayesa mosavuta: matani pepala la pulasitiki la masentimita 45 mbali zonse pa simenti, mbali zinayi zitsekedwe ndi tepi, musiye usiku wonse mpaka masana. Mukapeza mame pansi pake kapena simenti yada, ntchito sinathe, ndipo ndalama yotsala ikhale kaye m'thumba.

Pa makoma a njerwa ambiri amalonjeza zosatheka. Chipinda chimene madzi a paipi angodutsa chitha kuuma m'masiku 3 mpaka 5, koma khoma limene lakhala m'madzi tsiku lathunthu limafuna milungu. Akale pa zomangamanga amawerengera mwezi umodzi pa inchi iliyonse ya kukhuthala kwa khoma ngati likuuma lokha. Ufa woyera wotuluka pakhoma ndi mchere wa m'njerwa, umasonyeza kuti madzi akutulukabe. Pukutani ndi bulashi youma, musatsuke. Mukathamangira kupaka penti wa mafuta, chinyezi chimatsekeredwa m'kati ndipo penti amasupuka. Laimu amalola khoma kupuma.

Nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi ndi nkhani ina. Dothi likamwa madzi limalefuka, khoma litha kugwa mvula itasiya kale. Pamenepo woyamba kuitanidwa ndi mmisiri womanga, osati wa mafani.

Kwa amene ali ndi siling'i, matailosi, makabati omangirira ndi mawaya ambiri, ntchitoyi imabweza ndalama yake, makamaka ngati nyumba ili pa inshuwalansi. Jambulani zithunzi kanthu kasanasunthidwe, ndipo pa kotesheni palembedwe kuchuluka kwa makina, masiku, ndi nambala ya chinyezi imene adzasiyire ntchito. Nyumba ya simenti yokha, yopanda siling'i, imene madzi oyera angodutsa, sifunika kampani: tulutsani katundu, kolopani, tsegulani mawindo dzuwa likawala, madzulo n'kutseka.