Maphunziro a gitala ku Chibavi: mdala woyambira dzanja lamanja

Ngati mukufuna kudziwa makodi a gitala monga G, C ndi D mwachangu kuti Lamulungu likubwerali mukaimbire kwaya, kwa mdala ndikunenayu musapiteko, mukangopsa mtima. Amaphunzitsira pakhonde pa nyumba yawo ku Chibavi mu Mzuzu, ndipo makodi, aja magwiridwe a mawaya a dzanja lamanzere, amawaika pambali kaye. Iwo amayambira dzanja lamanja, ndipo dzanja limene amafuna kuti ulimvetse ndi la malemu Daniel Kachamba, katswiri wa gitala wa kuno ku Malawi.

Tsiku loyamba gitala yanga ya pakaunjika inangotsamira khoma. Mdalayo anaika foni m'kapu yachitsulo kuti mawu akwere, nyimbo ya Kachamba n'kuyamba. "Mwana wanga, ukumva anthu angati pamenepa?" Ndinati awiri, wina wa bezi. Anaseka mpaka kutsokomola. Anali munthu mmodzi, gitala imodzi.

Chimene chimachitika n'choti chala chachikulu chimayendetsa bezi pa mawaya akumwamba osapuma, pamene chamkombaphala chikutola nyimbo pa mawaya ang'onoang'ono. Zala ziwiri basi. Koma sizigunda nthawi imodzi: china chikatsika, chinzake chimalowa pampata umene watsala, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Khutu losazolowera limamva gulu. Ndipo Kachamba sankaopa kuisintha gitala kuti imumvere iyeyo. Ankatha kuchotsa waya wachisanu n'kuimba ndi asanu otsalawo, komanso ankachuna mosiyanasiyana malinga ndi nyimbo. Mdalayu gitala yake imodzi anaichotsanso waya womwewo, ndipo ukaigwira umamva chala chachikulu chikupeza malo otambasukira.

Mbiri amaikamba uku akuchuna, osati ngati kusukulu. Kachamba anali wa ku Chileka, anabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987, ali ndi zaka 40 zokha. Ndi mng'ono wake Donald, katswiri wa chitoliro, ankaimba kwela, nyimbo zimene zinachokera ku South Africa koma iwo anazipatsa kukoma kwa kuno. Mu 1967 anakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, wofufuza za nyimbo za mu Africa, amene anawajambula, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero anthu akunja amaphunzira kaimbidwe kake. Zimandiwawa pang'ono kuti anzanga ambiri a ku Luwinga amene amagwira gitala dzinali amangolimva patali.

Maphunziro enieniwo ndi otopetsa, ndisakunamizeni. Amakugwira zala zitatu zotsalazo n'kuzikhazika pathupi la gitala kuti zisalowerere. Kenako chala chachikulu chokha: waya wachisanu ndi chimodzi, wachinayi, kubwereranso, dzanja lamanzere lili pabondo. Ukathamanga amagogoda mpando ndi supuni. Ukayamba kukhazikika amakuchezetsa dala, kukufunsa za mtengo wa makala ku Zolozolo, kuti aone ngati bezi ipitirira pakamwa pakuyankhula. Yanga inkaima nthawi yomweyo. Pano imapitirira, ngakhale chamkombaphala chikangolowa zonse zimasokonekera.

Phindu ndinaliona kwina. Masiku ano nyimbo ikamalira m'minibasi yopita ku Ekwendeni, khutu langa limapita lokha kwa wa bezi. Kale ndinkangomva mawu a woimba.

Zodandaula zilipo. Salemba kanthu, ndiye ukaiwala waiwala. Ine ndimawapempha kuti ndijambule zala zawo pafoni, ndipo amalola monyinyirika. Nthawi sasunga kwenikweni, ukhoza kuwapeza apita kumaliro osakuuza. Ndipo khonde lija m'mwezi wa Juni, ndi kuzizira kwa Mzuzu kuja, mawaya achitsulo amaluma nsonga za zala koopsa. Pitani masana. Chinyontho cha kuno chimachititsanso dzimbiri mawaya msanga, choncho kansalu kopukutira musakaiwale, apo ayi akukalipirani.

Malipiro ndi apamwezi, amalandira ngakhale pa Airtel Money, ndipo sindinaone kuti akundidyera. Gitala muzipita ndi yanu, chifukwa yobwereka ilipo imodzi ndipo khosi lake linapindika.

Sabata yatha ndinawafunsa kuti, "Nanga makodi tiyamba liti, bambo?" Anati mwezi wamawa, ngati chala chachikulu chisiye kudikira chinzake.