Enigma yanga yamagetsi patatha miyezi 9

Mnzanga wophunzitsa masamu ku sekondale anandifunsa sabata yatha ngati ndi bwino kugulira ana a kalabu yake Enigma yamagetsi ngati yanga. Ndinangoti "gulani achimwene", koma nditagona mtima unandivuta, chifukwa sindinamuuze zonse.

Amenewa ndi makina otsanzira aja obisa mauthenga a asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri, amene katswiri wa masamu wa ku Poland, Marian Rejewski, anathyola chinsinsi chake mu 1932, katswiri wina wa masamu, Alan Turing, ndi anzake n'kudzapitiriza ku Bletchley Park, likulu la othyola zinsinsi ku England. M'malo mwa mawilo achitsulo amene amazungulira n'kumasokoneza zilembo, yanga ili ndi timawindo towala toonetsa zilembo.

Kiyibodi ya QWERTZ ikadali yolimba. Tinyale 26 toonetsa chilembo chobisidwacho tonse timayaka, ndipo kanyale kamazima ukangochotsa chala, monga pa makina enieni. Mawaya 10 akutsogolo, osinthanitsa zilembo ziwiriziwiri, sanandikhumudwitsepo. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'choti anatsanzira ngakhale kulumpha kawiri kwa wilo lapakati. Ukaika mawilo I, II ndi III pa ADU, umaona ADV, kenako AEW, kenako BFX. Tsiku limenelo ndinaombera m'manja ndekha ngati wamisala.

Vuto ndi batani limodzi lokha limene limagwira ntchito zonse. Kusankha mawilo ndi batani lomwelo, kutchera mphete za mawilo (zokhala ndi zilembo, zozungulira wilo lililonse) ndi lomwelo, kusankha poyambira ndi lomwelonso, ndipo zonsezo zimaoneka ngati zilembo zitatu pa timawindo tomweto. Palibe kanyale kokuuza kuti uli pati. Pa makina enieni sungasokonezeke chonchi, chifukwa mphete umatchera utatsegula chivindikiro, wilo lili m'manja.

Mwezi wa June ndinabisa uthenga wopita kwa mphwanga, woti ndikubwera Loweruka, andisungire nkhuku. Iye anaumasulira ndi pulogalamu ya pafoni, n'kutuluka zopanda mutu. Masiku awiri tinkakangana, ine ndikuti walakwitsa ndi iye. Chonsecho zilembo zapoyambira ndinaziika pa mphete. Zandichitikira kangapo kuyambira pamenepo, moti pano ndimawerenga mokweza ndikamadina, kamodzi, kawiri, katatu. Zoti palibe ŵ ndiponso ng'ombe imasanduka ngombe sindidandaula nazo, Enigma yeniyeni nayo inalibe zimenezo.

Wogulitsa ndinamulembera. Anayankha patatha masabata atatu, mwaulemu ndithu, kuti pulogalamu yatsopano ilipo yoonetsa mphete ndi manambala 01 mpaka 26. Koma ndiyenera kutumiza makinawo kwa iye kunja, kulipira ndekha kupita ndi kubwera, n'kudzakumananso ndi msonkho. Nditawerengera, ndalamazo zinayandikira theka la mtengo umene ndinagulira.

Madzulo ena ndikayatsa tinyale tija mumdima, ndimaikhululukira zonse. Ndikakumbukira imelo ija, ayi. Ndiye achimwene, musanatumize ndalama mufunseni wogulitsayo ngati mphete zikuoneka ndi manambala. Akazengereza kuyankha, ana anu ayambe ndi pulogalamu yaulere ya pafoni, yanga ndidzakubwerekani tsiku la kalabu.