Miyezi 7 ndikusunga mbewu ya soya m'matumba osalowa mpweya

Papita miyezi 7 chiikireni mbewu yanga ya soya m'matumba osalowa mpweya, aja okhala ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi chiguduli kunja kwake, ndipo tsopano nditha kunena zimene ndaona ndi maso angawa.

Ndinadzaza matumba awiri. Soya wa m'thumba loyamba ndinamupuntha mosamala, ndinamuyanika pa lona kufikira njere ikamathetheka poiluma, kenaka ndinachotsa zosweka ndi zokwinyika zonse. Wa m'thumba lachiwiri ndinamuchitira phuma, pakuti ndinamumenya ndi ndodo mwamphamvu ndi kumumangirira asanaumitsitse. Sabata yatha ndinatapa njere 100 m'thumba lililonse n'kuzifesa mu mchenga wonyowa, ndipo patatha masiku 8 za m'thumba loyamba zinamera 87, pamene za m'lachiwiri zinamera 54 zokha, zina mwa izo zili ndi mizu yopindika. Nditamasula thumba lachiwirilo ndinamva kafungo ka chuku, ndipo zimenezi zinandipweteka mtima chifukwa cholakwa chinali changa.

Ndazindikira kuti thumbali siliumitsa mbewu, koma limangosunga chinyezi chimene mbewuyo yalowa nacho. Soya amataya msanga mphamvu yomera poyerekeza ndi chimanga, chifukwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a njere yake ndi mafuta, amene amawonongeka msanga pakakhala kutentha ndi chinyezi. Khungu lakenso ndi lopyapyala, ndipo kamtima komwe kamatulutsa muzu kali pafupi ndi khungulo, kotero kuti njere ikhoza kuoneka yabwinobwino kunja koma itavulala m'kati. N'chifukwa chake chinyezi chiyenera kutsika kufika pa 12 peresenti kapena kucheperapo thumba lisanamangidwe, ndiponso thumba la mbewu siliyenera kuponyedwa pansi potsitsa.

Pa kulimba kwa matumbawa ndilibe dandaulo lalikulu. Ndinawasanja pa matabwa, m'chipinda chozizira, motalikirana ndi khoma, ndipo sindinathiremo mankhwala alionse, koma sindinapezemo kachilombo. Chovuta chake n'chakuti pepala la m'kati limabooka mosavuta ndi timitengo totsalira popeta, ndipo kumanga mapepala awiriwo lililonse palokha, mpweya utafinyidwa, kumafuna kudekha.

Ndidzawagwiritsanso ntchito chaka chamawa. Soya wa m'thumba lachiwiri sindimudzala. Ndadula kale mzere pa chiguduli chake kuti asasokonezeke ndi mbewu.